Fupa likasuntha m'chikhakha tizinena chiyani?

Wophunzira wina wa zachipatala anasowa chonena pofuna kufotokozera agogo a ku Chinsapo mawu akuti reduction. M'dikishonale anapezamo "kuchepetsa". Nanga agogo atamva kuti fupa lawo alichepetsa, angapereke dzanja? Chonsecho mawu ake alipo kale. Odwala amati "anandikoka dzanja", ndipo ma orthopaedic clinical officer, amene aphunzitsidwa m'dziko muno kuyambira 1985, amati "tiliwongola". Palibe chifukwa chopekera mawu ena.

Vuto lenileni lili pa zimene zimachitika fupa litawongoledwa. Munthu akaterereka m'matope a ku Mgona kapena kugwa pa kabaza ku Area 25, amatsogoza chikhatho, ndipo fupa lalikulu la mkono limathyoka pafupi ndi dzanja. Kuthyoka kumeneku anakufotokoza Abraham Colles wa ku Dublin mu 1814. Ambiri sachitidwa opaleshoni. Amawawongola n'kuwaika chikhakha kwa milungu pafupifupi 6. Koma chotupa chikaphwa chikhakha chimakhwepa, ndipo fupa limatha kubwerera pomwe linali, makamaka m'milungu iwiri yoyamba.

Kubwerera kumeneku Azungu amati redisplacement. Ena mwa ife amati "fupa laguluka", koma kuguluka n'kwa mfundo imene yachoka m'malo mwake. Ena amati "lathyokanso", zomwe zimachititsa wodwala kuganiza kuti wagwanso kapena walakwitsa penapake. Ine ndimakonda "fupa lasuntha". Ndi mawu amene ngakhale mwana wa ku Kawale amawamva, ndipo akunena zoona: fupa lomwe lija lachoka pamene analikhazika. Chimodzimodzi "chikhakha" chimaposa "pulasitala", poti pulasitala kwa ambiri ndi kaja komata pachilonda.

Mawu ena ondivuta ndi "chiopsezo", amene tsopano ali paliponse m'zikalata za umoyo m'malo mwa risk factor. Amaopseza koma saphunzitsa. Mu 1989 wofufuza wina, Lafontaine, ndi anzake anatchula zinthu zisanu zotere pa kuthyoka kumeneku: zaka zopitirira 60, fupa lopendekera kumsana kwa dzanja kupitirira madigiri 20, fupa lophwanyika tizidutswa kumbali yomweyo, mng'alu wolowa m'mfundo, ndi kuthyoka kwa fupa linzake laling'ono. Zitatu zikakumana, fupa silidalirika. Zimenezi si zoopseza ayi, ndi zizindikiro zotiuza amene tiyenera kumuyang'anitsitsa. Bwanji osangoti "zimene zimachititsa fupa kusuntha msanga"? Mawuwa ndi aatali, koma amayi okalamba amene mafupa awo afooka akawamva amadziwa chifukwa chake akuuzidwa kubweranso ku Kamuzu Central Hospital patatha sabata kudzajambulitsa X-ray. Wosamvetsa amaona kuti dzanja lasiya kupweteka, amasunga ndalama ya minibasi, n'kudzabwera fupa litapola chokhota, akulephera kufinya zovala kapena kutakasa nsima.

Pano m'pamene nkhani ya chilankhulo imasanduka nkhani ya umoyo. Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko mu 1968, Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Komabe madokotala ndi anamwino amaphunzira zonse m'Chingelezi, ndipo kumasulira amakuchita okha ataima pambali pa bedi, aliyense mwa njira yake. Sindikutsutsa kubwereka mawu. X-ray ndi opaleshoni zinakhazikika, zikhale. Chimene ndikukana n'kubwereka pamene tili ndi athu, kapena kupeka mawu muofesi osamva kaye mmene odwala amalankhulira pamzere.

Lilongwe tsopano ili ndi chipatala cha mafupa cha LION. Akatswiri ake akhale pansi ndi a zachilankhulo, agwirizane mawu ochepa oti onse azigwiritsa ntchito, awaike m'maphunziro ndi pakapepala kopatsa wodwala. Ayambe ndi atatu awa: kuwongola, chikhakha ndi kusuntha.