Mbeu Yatsopano Imafika Bwanji M'mudzi?

Lero ndikusimbireni za mnyamata wina wophunzira kwambiri amene anayenda m'minda kufunafuna yankho la funso ili: kodi mlimi akamva nkhani yatsopano, amakhulupirira ndani?

Ku Iowa, m'dziko la America, chimanga cha haibulidi chinafika kwa alimi m'chaka cha 1928. Chinali kubala kwambiri ndiponso kupirira chilala, komabe ambiri anachedwa kuchilandira, pakuti mbeu yake inali yogula chaka ndi chaka. Tsono mu 1941 Neal Gross, amene anali pa maphunziro apamwamba pa Iowa State College, anayenda khomo ndi khomo m'midzi iwiri, nafunsa alimi. Iye ndi mphunzitsi wake Bryce Ryan anasanthula mayankho a alimi 259, nasindikiza zimene anapeza mu 1943.

Imvani tsono. Alimi ambiri anayamba kumva za mbeuyi kwa amalonda ogulitsa mbeu, koma amene anawakopa kuti adzale ndi anansi awo. Pakati pa kumva ndi kudzala panapita zaka zingapo, ndipo poyamba munthu anali kuyesa pa kachigawo kochepa ka munda.

Wophunzira wina wa pa sukulu yomweyo, Everett Rogers, anaziona izi pakhomo pawo. Atate ake anakana mbeuyi kufikira chilala cha 1936, pamene chimanga chao chinafota, cha mnansi chili chiimire. Rogers anatsiriza digiri ya udokotala mu 1957, ndipo mu 1962 anatulutsa buku lochedwa Diffusion of Innovations, limene linakhala maziko kwa ophunzira za kufalitsa nkhani m'maiko ambiri. Pambuyo pake iye mwini anavomera kuti maphunzirowa anafulumira kutsutsa mlimi wochedwa, chikhalirecho nthawi zina chomletsa ndi kusowa ndalama, osati kuuma mutu.

Chotero inu amene muli ndi wailesi, musayese kuti mau athu okha angasinthe munda. Ife alangizi tingolengeza. Amene amatsimikiza mtima wa mnzanu ndinu, ndi nkhokwe yanu. Mukamva njira yatsopano, iyeseni pa mizere yowerengeka, muitane anansi adzaone pokolola. Ikakanika, muwauzenso zoona, ndipo mutiuze ndi ife. Tsalani bwino.