MUDZI UMATSATA NJIRA: MBIRI YA MISEWU YA KU NKHOTAKOTA

Anthu ambiri amaganiza kuti mudzi ndiwo umayamba, njira n'kubwera pambuyo. Koma mbiri ya Nkhotakota ikutiphunzitsa kuti kawirikawiri njira ndiyo imakoka mudzi. Pamene njira yaikulu inali nyanja, nyumba zinaunjikana pagombe. Pamene njira yaikulu inasanduka msewu, nyumba zinayamba kundanda m'mbali mwa msewuwo, ndipo ngakhale ife a ku Chia, amene tili makilomita oposa 20 kummwera kwa Boma, tinakokedwa nawo. Tiyeni tione m'mene zinthuzi zinayendera.

Masiku a Zombo

M'zaka za m'ma 1840 kunafika Mswahili wamalonda dzina lake Salim bin Abdallah, amene anthu anamutcha Jumbe. Iye anakonda malo ano chifukwa mchenga wa Sungu umatchinjiriza gombe ku mafunde, kotero zombo zinkakocheza bwino. Kuchokera kumtunda, makamaka ku Kasungu, kunkatsika maulendo osenza minyanga ya njovu ndi kukusa akapolo. Pa Nkhotakota ankawakweza m'zombo kuwaolotsera kutsidya la kum'mawa, ndipo kumeneko ankayenda pansi mpaka ku Kilwa, kunyanja yamchere. Dr. David Livingstone anafika kuno mu 1861 ndi mu 1863, naona ndi maso ake malonda oipawo.

Tsono popeza chuma chonse chinali padooko, aliyense anafuna kumanga pafupi ndi madzi. Ena anabwera kudzachita malonda, ena anathawira kwa Jumbe poopa nkhondo za kumtunda. Mudzi unakula kwambiri, nyumba zinathithikana, ndipo dzina lakuti Linga, limene lilipo mpaka lero, limatikumbutsa masiku amene anthu ankakhala motchingidwa. Munalibe msewu wa galimoto, koma munali tinjira tambirimbiri tokhotakhota, topita kumzikiti, kumsika, kudooko ndi kumadimba a mpunga. Tinjirato tinali ngati ukonde: kalikonse kankakumana ndi kanzake, ndipo munthu akapeza kwina kwatsekeka ankangokhotera kwina. Tisaiwale kuti mudziwo unalemera ndi misozi ya akapolo. Chimene tikuyamikira pano ndi kayalidwe ka njira zake kokha.

Masiku a Boma ndi Mishoni

Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wachitatu. Jumbe ameneyo anamwalira mu 1894, ndipo amene analowa m'malo mwake anachotsedwa ndi Angerezi, natumizidwa ku Zanzibar. Ufumu wa a Jumbe unathera pomwepo. M'chaka chomwecho cha 1894 a mishoni ya U.M.C.A. anakhazikika pa Nkhotakota, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, anaikidwa m'manda pomwepo.

Azungu a Boma ndi a mishoni anabwera ndi kamangidwe kena. Iwo analambula misewu yotakata ndi yowongoka, yolumikiza ofesi, tchalitchi, chipatala ndi dooko. Komabe khomo lalikulu la mudzi linali likadali nyanja. Mpunga unkatuluka pa sitima zapamadzi, ndipo sitima ya Ilala, imene inayamba ulendo wake mu 1951, inkabweretsa anthu ndi katundu. Misewu ya kumtunda inali yafumbi m'chilimwe ndi yamatope m'dzinja. Njanje inafika ku Salima mu 1935, koma pakati pa Salima ndi Nkhotakota panali mitsinje yambiri, ndiponso khwawa limene madzi a Chia amatulukira kunka kunyanja. Pamenepa apaulendo ankayembekeza owaolotsa.

Msewu wa Tala

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, Boma linakonza msewu wa m'mbali mwa nyanja, umene lero timautcha M5, ndipo pa Chia anamangapo mlatho. Fakitale ya shuga ya ku Dwangwa itatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, magalimoto akuluakulu anachuluka. Msewuwo sunadzere pagombe penipeni, koma chakumtunda pang'ono. Kotero amasitolo, ogulitsa zakudya ndi oyembekeza basi anasiya dooko nakwera kumsewu, makamaka pamphambano ya msewu wa M18 wopita ku Kasungu. Mudzi unafulatira nyanja nuyang'ana msewu.

Anthunso anachuluka. Pa kalembera wa 1977 m'tauni ya Nkhotakota munali anthu oposa 10,000. Pa kalembera wa 2018 anapitirira 28,000. Onsewa anafuna pogona, ndipo aliyense anafuna kuti khomo lake liyandikane ndi tala. Pamene m'mbali mwa msewu munadzaza, ena anamanga kumbuyo kwa anzawo, aliyense nadzilambulira kanjira kake kochokera kumsewu ndi kothera pakhonde pake. Ena anamanga mipanda ya njerwa, natseka tinjira takale. Pa Chia pomwe pano msika wa nsomba unamera pafupi ndi mlatho, chifukwa ogula amabwera pa galimoto.

Mukadya chambo, yang'anani mafupa ake. Pali fupa limodzi lamsana, ndipo minga yonse imachokera pamenepo, koma munga sukumana ndi unzake. Umo ndi m'mene midzi yathu yatsopano yakhalira. Ukonde wakale uja wasanduka mafupa a nsomba.

Chimene Tikuphunzirapo

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Msewu unatibweretsera zabwino zambiri: wodwala amafika msanga kuchipatala, ndipo nsomba ya m'mawa imadyedwa ku Lilongwe tsiku lomwelo. Koma matope ake nawa. Mwana wa sukulu amene akanadzera kuseri kwa nyumba tsopano amazungulira kumsewu waukulu, kumene amapikisana ndi malole ndi njinga zamoto. Galimoto ya odwala imalephera kulowa pakati pa mipanda yothithikana. Nyumba zikamatalikirana, mipope ya madzi ndi nthambo za magetsi zimadya ndalama zambiri, ndipo minda yabwino imatha.

Choopsa koposa n'chakuti fupa lamsana likathyoka, nsomba yonse yatha. Ukonde ukang'ambika diso limodzi umagwirabe nsomba, koma dera lodalira msewu umodzi limaima pamene mlatho umodzi wakokoloka. Anzathu a ku Dwangwa anaziona mu February 2024, pamene madzi osefukira anagwetsa nyumba ndi kuwononga msewu. Madzi saiwala khwawa, ndipo ife amene timakhala pakati pa nyanja ndi mitsinje tiyenera kukumbukira zimenezi.

Tsono, abale anga, inu mafumu pogawa malo, ndi inu eni nyumba poyala maziko, yambani mwapima njira. Siyani mpata wokwanira ngolo pakati pa mpanda wanu ndi wa mnzanu, ndipo kanjira kanu kakatulukire ku njira ina, kasathere pakhomo panu pokha. Nyumba ya njerwa ikamangidwa pakati pa njira, kuigwetsa n'kovuta ndipo kumadzetsa milandu. Nyumba imakhala zaka makumi angapo, koma njira imakhala mibadwo, pakuti zina mwa njira zimene timayendamo ku Linga zinapondedwa ndi makolo athu m'masiku a Jumbe. Chomwechonso adzukulu athu adzayenda m'njira zimene ife tikusiya lero.