Nchito Yolongosoka Poika Nthambo za Magetsi m'Nyumba

Nchito yoika nthambo za magetsi imasiyana ndi ya mmisiri womanga kapena wopala matabwa cifukwa mbali yake yaikulu imabisika. Cipupa cikamatidwa pulasitala ndipo siling'i ikakhomedwa, mwini nyumba amangoona maswici, masoketi ndi mababu. Ndiye cifukwa cake malamulo a magetsi amawerengera kulongosoka kwa nchito monga nkhani ya citetezo ca moyo ndi katundu.

Muno m'Zambia magetsi a m'nyumba ndi a mphamvu ya 230 volts, ndipo kaikidwe kake kanatengera kwambiri ku Britain, kumene malamulo oyamba a nchitoyi analembedwa m'caka ca 1882. Malamulowa, amene tsopano amachedwa BS 7671, amafuna kuti nchito igwiridwe mwaluso ndi munthu woidziwa, ndiponso ndi zipangizo zoyenera. Kampani ya ZESCO imafikitsa magetsi pa mita. Zonse za m'nyumba kupyola pamenepo ndi udindo wa mwini nyumba ndi mmisiri amene anamulemba nchito.

Cizindikiro coyamba ca mmisiri wabwino ndi njira imene nthambo zayenda. M'cipupa, paipi yonyamula nthambo iyenera kukwera, kutsika kapena kupita cam'mbali moongoka kucokera pa swici kapena soketi, kapenanso kudutsa mosapitirira mamilimita 150 kucokera pamwamba pa cipupa kapena pakona. Nthambo yodutsa mopingasa imapulumutsa mamita ocepa cabe, koma munthu wodzakhoma msomali wa kalendala patapita zaka sadzadziwa kuti ili pamenepo.

Ngozi yaikulu imakhala polumikizira. Nthambo ziwiri zikangopotedwa pamodzi ndi kukulungidwa tepu yakuda, kapena sikuluu ya m'soketi ikasiyidwa yosamanga bwino, magetsi amadutsa movutikira ndipo malowo amatentha. Kutenthako kumaumitsa pulasitiki yokuta mkuwa, kenaka imang'aluka ndi kupsa. Coopsa ncakuti breaker nthawi zambiri siigwa, popeza magetsi odutsawo sanapyole muyeso wake. Mababu amayaka monga mwa masiku onse pamene kumwamba m'siling'i, pakati pa matabwa ouma ndi malata otentha, moto ukukonzeka. Motero polumikizira paliponse payenera kukhala m'kabokosi kotseka, pamalo oti munthu angathe kufikapo ndi kuona. Mkuwa usaonekere kunja kwa polowera pake, ndipo posenda nthambo mmisiri asaiceke ndi mpeni.

Ukulu wa nthambo umayenderana ndi nchito yake. Kawirikawiri ya 1.5 mm² ndi ya mababu, ya 2.5 mm² ndi ya masoketi, ndipo sitovu imafuna ya 6 mm² kapena yoposerapo. Breaker imasankhidwa kuti iteteze nthambo. Kuika yaikulu cifukwa cakuti yaing'ono imagwa kawirikawiri ndiko kucotsa mlonda pakhomo.

Mitundu ya nthambo nayo imafuna maso. Kale ya live inali yofiira ndipo ya neutral inali yakuda. Pakati pa 2004 ndi 2006 dziko la Britain linasintha kukhala yabulauni ndi yabuluu, pamene ku South Africa nthambo za m'cipupa zikali zofiira ndi zakuda. Nyumba yoonjezeredwa zipinda ingakhale ndi mitundu yonse iwiri, ndipo mmisiri wosamala amalemba cenjezo pa bokosi la ma breaker. Bokosi limeneli, limene amisiri amalicha DB, limaulula zambiri: nthambo zoyalidwa bwino, breaker iliyonse yolembedwa cipinda cimene imateteza, ndi nthambo ya earth, yobiriwira ndi yacikasu, yomangidwa zolimba. Cipangizo ca RCD ca 30 mA cimazimitsa magetsi msanga munthu akagwidwa nawo.

Kuzimazima kwa magetsi m'caka ca 2015 ndi ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, kunacititsa mabanja ambiri kugula majenereta, masola ndi ma inverter. Zimenezi ziyenera kulumikizidwa kupyolera pa swici yosinthira imene imalekanitsa nyumba ndi nthambo za ZESCO. Popanda swiciyi, magetsi angabwerere ku mapolo ndi kupha wanchito amene akukonza nthambo akuganiza kuti zazimitsidwa.

Amisiri amaphunzira nchitoyi m'masukulu olembetsedwa ku bungwe la TEVETA, ndipo bungwe la Engineering Institution of Zambia limalembetsa amene ali oyenera kuigwira. Mwini nyumba ali ndi ufulu wofunsa mapepala amenewa nchito isanayambe, kujambula zithunzi za mapaipi cipupa cisanamatidwe, ndi kulandira zotsatira za kupima kwa nthambo zonse zolembedwa papepala asanamalize kulipira.