Mmene Tinthu Tachilendo Timapangikira Mapulotoni Akaombana

Atomu iliyonse ili ndi chithima, ndipo m'chithimamo muli mapulotoni ndiponso, m'maatomu ochuluka, manyutuloni. Zimenezi zinapangidwa ndi tizigawo totchedwa makwaki, a mitundu iwiri: up ndi down. Koma mapulotoni akaombana pa liwiro lalikulu zedi, pamatuluka tinthu tokhala ndi kwaki wa mtundu wachitatu, wotchedwa strange, kutanthauza kuti wachilendo.

Tinthu timeneti tinaoneka koyamba mu 1947, pamene George Rochester ndi Clifford Butler a pa Yunivesite ya Manchester ankajambula njira za cheza chochokera kuthambo. Chimene chinazunguza akatswiri n'chakuti tinkabadwa mosavuta koma tinkachedwa kuphwasuka. Mwachitsanzo, kanthu kotchedwa lambda kamakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 biliyoni a sekondi, nthawi yaitali kwambiri poyerekeza ndi imene kamatenga kuti kapangike.

Mu 1952 Abraham Pais anafotokoza kuti tinthuti timabadwa tiwiritiwiri, ndipo mu 1953 Murray Gell-Mann komanso Kazuhiko Nishijima ndi Tadao Nakano anasonyeza lamulo lake. Lero zimamveka chonchi: mphamvu ya kuombanako imasanduka kwaki wachilendo pamodzi ndi mnzake wotsutsana naye. Awiriwa amasiyana, aliyense n'kuphatikana ndi makwaki ena. N'chifukwa chake payoni ikagunda pulotoni, lambda imatuluka limodzi ndi kayoni. Akasiyana chotero, mphamvu yamphamvu yomanga chithima siingathe kuchotsa kwaki wachilendo ali yekha. Ntchitoyo imatsalira mphamvu yofooka, imene imagwira pang'onopang'ono.

Nkhaniyi ili ndi phindu pa kafukufuku wa chiyambi cha chilengedwe. Mu 1982 Johann Rafelski ndi Berndt Müller ananeneratu kuti kutentha kukafika poti mapulotoni n'kusungunuka, makwaki ndi magluoni n'kumayenda momasuka, tinthu tachilendo tidzachuluka kuposa nthawi zonse. Bungwe la CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva, linaona zimenezi poombanitsa zithima za mtovu wa lead ndipo linalengeza zotsatira mu 2000.

Mu 2017 gulu la ALICE, limene muli asayansi a ku South Africa, linapeza kuchuluka komweku ngakhale pamene mapulotoni awiri okha aombana n'kutulutsa tinthu tambiri. Zimenezi zinadzutsa funso lakuti kodi kadontho ka makwaki osungunuka kangachepe kufika pati.