Safi Faye ndi mawu a alimi a ku Fad'jal

Pamene Senegal inkalandira ufulu wodzilamulira mu 1960, mafilimu oonetsa moyo weniweni wa anthu akumudzi ankajambulidwa makamaka ndi azungu, monga Jean Rouch wa ku France. Mu 1966, pa chikondwerero cha zaluso za anthu akuda mumzinda wa Dakar, Rouch anakumana ndi mphunzitsi wachitsikana dzina lake Safi Faye, ndipo pambuyo pake anamupatsa gawo mufilimu ya Petit à petit. Koma Faye, yemwe anabadwa mu 1943, sanafune kumangojambulidwa. Analowera ku Paris kukaphunzira za miyambo ya anthu komanso luso la kamera.

Atadziwa ntchito, anabwerera kumudzi kwa makolo ake ku Fad'jal, pakati pa mtundu wa Serer. Kumeneko mtedza unali utasanduka goli. Atsamunda ndiwo anaukakamiza monga mbewu yogulitsa, boma latsopano linapitiriza kuugula pamtengo wodziikira lokha, kenaka chilala chinadzamaliza zotsalazo. Filimu ya Kaddu Beykat, yomwe inatuluka mu 1975, inachokera m'mavuto amenewa. Faye anailongosola ndi mawu ake ngati akuwerenga kalata, ndipo oonekamo anali abale ndi anansi ake enieni, amene pansi pa mtengo wa pabwalo ankadandaula za ngongole ndi mitengo mopanda kupsatira mawu. Analukiramonso nkhani ya Ngor, mnyamata yemwe anakasaka ntchito ku Dakar atasowa chuma chokwatirira Coumba.

Boma linailetsa filimuyo. Chodabwitsa n'chakuti pulezidenti wa nthawiyo, Léopold Sédar Senghor, anali wa mtundu womwewo wa Serer, mlakatuli wotamanda chikhalidwe cha anthu akuda usana ndi usiku. Mlimi wovina ankamulandira, koma mlimi wofunsa za mtengo wa mtedza, ayi. Kunja, filimuyi inapata mphoto ku France ndi ku Berlin, ndipo imadziwika kuti ndiyo yoyamba yaitali yopangidwa ndi mkazi wa kumwera kwa chipululu cha Sahara kufika pamsika wa mafilimu.

Mu 1979 Faye anatulutsa filimu ya Fad'jal, momwe nkhalamba imafotokozera ana mbiri ya mudziwo, ndipo inaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu ku Cannes. Filimu yake ina, Selbé, inatsata mayi wodyetsa yekha banja bambo ali kutauni, pomwe Mossane ya mu 1996, nkhani yopeka, inafikanso ku Cannes. Faye anamwalira ku Paris mu 2023, ali ndi zaka 79.