Mgwirizano wa zipani kapena chipani chimodzi: zomwe Karonga Central ikuonetsa

Zipani zandale zikafuna kuphatikiza mavoti zimatsata imodzi mwa njira ziwiri. Yoyamba ndi mgwirizano, pomwe chipani chilichonse chimasunga dzina, mtundu wa nsalu ndi atsogoleri ake, koma zonse zimaimika munthu mmodzi pampando wa pulezidenti. Yachiwiri ndi kuthetsa zipanizo n'kupanga chimodzi chokhala ndi malamulo amodzi komanso chipisho chimodzi m'dera lililonse.

Kumaiko a azungu funsoli limabuka kawirikawiri pakati pa zipani zokonda kusunga miyambo ndi kupereka ufulu waukulu kwa amalonda. Ku Canada zipani ziwiri zoterezi, Canadian Alliance ndi Progressive Conservative, zinkagawana mavoti mpaka mu 2003 pomwe zidasanduka Conservative Party, ndipo mu 2006 chipanichi chidalowa m'boma motsogozedwa ndi a Stephen Harper. Ku Malawi zipani sizisiyana kwambiri pa mfundo za chuma. Mphamvu zake zimachokera kwa mtsogoleri ndi kuchigawo. N'chifukwa chake mgwirizano ndiwo wakhala ukuyenda malonda.

Lamulo limakoka mbali ziwiri

Pa 3 February 2020 bwalo lounika za malamulo aakulu a dziko lidagamula kuti pulezidenti azipambana ndi mavoti oposa theka. Izi zimakakamiza zipani kugwirana manja. Koma phungu amapambanabe ndi mavoti ochuluka chabe kuposa anzake, ngakhale atapanda kufika theka. Choncho zipani zomwe zili pamodzi pa voti ya pulezidenti zimatha kulimbana kotheratu pa mpando wa phungu.

Izi zidaoneka poyera ku Karonga Central, dera lomwe lidapatsidwa dzina loti Benghazi kaamba ka ziwawa za nthawi ya kampeni. Mgwirizano wa Tonse, wa zipani 9, udapambana chisankho cha pa 23 June 2020. Mwezi wotsatira phungu wa derali, a Cornelius Mwalwanda a MCP, adamwalira. Pachisankho chapadera cha mu November chaka chomwecho, MCP idaimika a Leonard Mwalwanda pomwe UTM idaimika a Frank Mwenifumbo. Zipani ziwiri zolamulira boma limodzi zidapikisana mwa wafawafa, ndipo a Mwalwanda ndiwo adapambana. Zikadakhala chipani chimodzi, mkanganowo ukadathera pachipisho.

Phunziro la AFORD

Mbiri ya AFORD ikusonyeza chomwe zipani zing'onozing'ono zimaopa. Mu 1994 chipanichi, pansi pa a Chakufwa Chihana, chidatenga mipando yonse 33 ya kumpoto, kuphatikizapo ya ku Karonga, ndipo chidali ndi aphungu 36. Chaka chomwecho chidalowa m'boma la UDF, a Chihana n'kukhala wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti. Chitatuluka mu 1996, nduna zake zina zidakana kutula pansi maudindo. Mu 1999 chidagwirizana ndi MCP n'kupeza mipando 29. Chitabwereranso kwa UDF, ena adapanduka n'kuyambitsa MGODE, ndipo mu 2004 AFORD idatsala ndi aphungu 6. Mu 2009 idapeza mmodzi yekha.

Komabe dzinalo silidafe. Mu 2025 AFORD idakhala mbali ya DPP, ndipo a Peter Mutharika atapambana adapereka kwa a Enoch Chihana udindo womwe bambo awo adaugwirapo. Chipani chomwe chidasungunuka mwa chinzake sichikadakhala ndi poyambira kukambirana za mpando wotere.

Mfundo za mbali zonse

Ofuna chipani chimodzi amati mavoti sabalalika, boma limakhala ndi aphungu odalirika m'Nyumba ya Malamulo, ndipo ovota amadziwa woti amufunse malonjezo akalephereka. Amatchulanso kusakhalitsa kwa migwirizano: UTM idatuluka mu Tonse mu July 2024, patangotha mwezi a Saulos Chilima atamwalira pangozi ya ndege.

Otsutsa amati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo wogonja pachipisho amangokaima payekha. Amaonjezera kuti boma ngati Karonga, lomwe lili kutali ndi Lilongwe, limamveka msanga likakhala ndi zipani zingapo zopikisana kufuna mavoti ake kusiyana ndi pomwe chipani chimodzi chatsimikiza kuti anthu alibe kwina kolowera.