Ng'anjo zinazima, chipala chikadayaka

Tchuthi chapitachi ndinafika kwathu ku Lizulu ndi chikwama chodzaza mabuku, ndili ndi maganizo oti ndiwerengeretu za semesita ikubwerayi. Sabata yoyamba inatha ndisanatsegule ngakhale limodzi. Ndinapeza thiredo pampu ya amayi itafa, tomato ali pa maluwa, dzuwa la Seputembala likuswa mtengo. Amene munakulira kudimba mukudziwa tanthauzo lake. Tomato akasowa madzi masiku ochepa chabe pa nthawi imeneyi maluwa amayoyoka, ndipo kwa ine maluwa amenewo ndiwo ndalama ya nyumba ndi chakudya kusukulu. Amayi anali atabwerera ku makeni awiri, kuchoka pachitsime kupita pamabedi, kubwereranso, kuyambira mbandakucha. Usiku ankagona chafufumimba chifukwa cha msana.

Pampuyi anailandira ku bungwe lina ine ndili ku pulayimale. Bungwelo linamaliza ntchito yake nkupita, masipeya osasiya. Choncho tsiku la msika ndinaimangirira pa njinga nkuyamba kuzungulira nayo. M'mashopu a hadiweya yankho linali limodzi: zimenezo sitisunga, gulani ina. Wokonza njinga anaiyang'ana, anapukusa mutu nkundilozera kwa okhoma zidebe. Okhoma zidebe anati marabala a m'kati aphwa ndipo chitsulo chomwe zopondera zimagwirapo chang'ambika, imeneyo ndi ntchito ya wowotcherera. Wowotcherera ndinamupeza akusewera bawo, magetsi atazima kuyambira m'mawa. Iyeyo ndiye anandiuza kuti ndipite kuseri kwa msika, kwa madala ena osula nkhwangwa, akandichekere kaye marabalawo podikira magetsi.

Ndakhala ndikudutsa pamalo amenewo moyo wanga wonse osaimapo. Ndi kachisakasa ka malata akale. Pansi pali moto wa makala, ndipo mphepo yake imachokera ku gudumu la njinga lomwe mnyamata amapukusa ndi dzanja. Chosulirapo ndi chidutswa cha chitsulo cha galimoto yaikulu. Pambali paunjikidwa masipuling'i a malole, makasu othothoka misuka, mawilibala opanda miyendo, masipuleya odontha, zikwanje zobuntha. Ndinawapatsa moni, iwo anandifunsa kuti ndine mwana wa yani, ndipo nditatchula mudzi ndi banja anati, "Khala pansi mwana wanga, pali anzako atatu patsogolo pako." Ndinakhala maola anayi. M'maola amenewo ndinazindikira kuti chinthu chomwe ndinalembapo mayeso chaka chatha ngati nkhani yakufa chinali chikundithira thukuta pamaso panga.

M'kalasi timaphunzira za chitsulo ngati chiyambi cha mbiri ya dziko lino. Timatchula Nkope, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, komwe ofukula zakale anapeza mbiya ndi zizindikiro za anthu odziwa chitsulo a zaka zoposa 1,500 zapitazo. Timauzidwa kuti ena amati dzina la Maravi linachokera ku malawi a moto wa ng'anjo owala usiku, ngakhale ena amalozera ku kunyezimira kwa dzuwa pa nyanja. Kumpoto, mbiri ya a Chikulamayembe imati Mlowoka anakopa anthu a ku Nkhamanga powapatsa nsalu, mikanda ndi makasu, ndipo dzina la ufumuwo ambiri amalimasulira kuchokera ku mawu a Chiswahili onena za kunyamula makasu. Khasu linali chuma. Linkasinthanitsidwa ndi mbuzi, mchere kapena nsalu, ndipo m'madera ena linkalowa pa malowolo.

David Livingstone atakwera mapiri a Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akukumba miyala ya chitsulo m'mapiri, akuotcha makala, akusungunula ndi kusula okha nkhwangwa, mikondo, singano ndi zibangili. M'buku lomwe analemba ndi m'bale wake Charles, lotuluka mu 1865, anafotokoza kuti ntchitoyi inali yofala m'midzi ndipo makasu ake anali otsika mtengo. Mzungu amene anabwera kudzatsegula njira ya malonda anapeza mafakitale ali kale.

Ntchito yake sinali yamasewera. Mu 1982 ndi 1983 akatswiri awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anagwira ntchito ndi madala a kwa Chulu ku Kasungu komanso Aphoka a m'mapiri a ku Rumphi, omwe ankakumbukirabe kasungunulidwe kakale. Anaona kuti miyala ya kuno ili ndi chitsulo chochepa, choncho makolo ankasungunula kawiri. Poyamba ankagwiritsa ng'anjo yaitali ya dothi yokoka mphepo yokha, kenako kang'anjo kakang'ono kopopera ndi mvukuto. Makala ankalowa ochuluka zedi kuti patuluke chitsulo cha makasu ochepa. Panalinso miyambo yake: mankhwala okwirira pansi pa ng'anjo, ndi lamulo loti osungunula asagone ndi akazi awo mpaka ntchito itatha. Mabwinja a ng'anjo zimenezi akadalipo m'nkhalango ya Kasungu, ndipo David Killick analemba kafukufuku wake wa udokotala pa za kusungunula chitsulo ku Kasungu pakati pa 1860 ndi 1940.

Chaka chomalizacho chikunena zambiri. Pofika cha m'ma 1930 ng'anjo zambiri zinali zitazima. Sipanafunike nkhondo. African Lakes Company, yomwe tonse timaidziwa kuti Mandala, inayamba malonda mu 1878, ndipo pambuyo pake kunabwera masitolo a amwenye m'maboma ndi m'malo ochitira malonda. Makasu opangidwa ndi makina ku England, monga aja a chizindikiro cha ng'ona a kampani ya Chillington ya ku Wolverhampton, anasefukira m'chigawo chino cha Africa. Munthu wosungunula kwa masabata sakanapikisana ndi fakitale yotulutsa makasu miyandamiyanda. Msonkho wa nyumba womwe atsamunda anakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 unkafuna ndalama, osati makasu, ndipo anyamata omwe akanaphunzira ntchitoyi kwa amalume awo analowera ku maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje, ena ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni.

Mabuku athu ambiri amathera pomwepo, ngati kuti nkhani ya chitsulo cha Amalawi inaikidwa m'manda cha m'ma 1930. Apa ndi pomwe ndikutsutsana nawo. Chinafa ndi kusungunula. Kusula sikunafe. Wosula anangosintha komwe amatenga chitsulo chake. M'malo mokumba m'phiri anayamba kutola zomwe chitukuko chachilendo chinkataya: njanji zakutha, migolo, mafelemu a njinga, makamaka masipuling'i a galimoto, omwe chitsulo chake ndi cholimba ndipo chimagwira mpeni bwino. Anasamukanso, kuchoka kumudzi kupita pamsewu, pomwe pali zitsulo zakutha ndi makasitomala. Matauni athu aang'ono, Lizulu, Tsangano, Bembeke, Chimbiya, anakula chifukwa cha msika ndi msewu, koma kuseri kwa msika uliwonse kuli kachisakasa konga komwe ndinakhalapo. Popanda iko, theka la zipangizo za m'madimba ozungulira zikanakhala zili pa dzala.

Kwathu kuno khasu lili ndi mbiri yake ya ndale, ndipo sindingalembe za Lizulu osaitchula. Pambuyo pa lamulo la zachilengedwe la 1946, boma la atsamunda linayamba kukakamiza malimidwe: mizere yopingasa, migula, kuzula mapesi pa nthawi yake, ndipo wolephera ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Ntchito yonseyo inagwera pa khasu ndi msana wa mlimi. Mu 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Gomani yachiwiri, Philip Gomani, inauza anthu ake kuti asatsatire malamulo a malimidwewo. Boma linamuchotsa pa mpando, iye anawolokera ku Mozambique pamodzi ndi m'busa Michael Scott, anabwezedwa, ndipo anamwalira mu 1954. Malire omwe anawolokawo ndi omwewa timawoloka lero pongodumpha msewu wa M1 kukagula anyezi. Ndikaganiza kuti mfumu inataya mpando pa nkhani ya momwe anthu agwirire khasu, ndimadabwa kuti munthu wokonza khasulo sapezeka paliponse m'zolemba za nthawi imeneyo zomwe ndawerengapo.

Titalandira ufulu, makasu anayamba kupangidwa konkuno, ku Blantyre pa fakitale ya Agrimal. Lero m'mashopu mwadzaza ochokera kunja, ena abwino, ena opindika pa chaka choyamba. Madala aja anandionetsa awiri. Limodzi anati likathothoka msuka amalibwezeretsa nkulimanso zaka zingapo. Linalo analigogoda ndi nyundo, linalira ngati chitini, ndipo anati limenelo ngakhale uliwotcherere limang'ambika pambali pa chilonda. Sadziwa dzina la fakitale iliyonse, koma khutu lawo limasiyanitsa.

Thiredo pampu ndi mutu waposachedwa wa nkhani yomweyi. Inapangidwa ku Bangladesh cha m'ma 1980, ndipo amene amatchulidwa kwambiri pa kuikonza ndi injiniya wa ku Norway, Gunnar Barnes. Kumeneko inafala chifukwa mashopu aang'ono ankaipanga ndi kuikonza pafupi ndi alimi. Kuno inatchuka pambuyo pa njala ya 2002, ndipo pofika 2005 boma ndi mabungwe anali akugawa mapampu masauzande ambiri polimbikitsa ulimi wothirira. Cholinga chinali chabwino, ndipo ine ndine mboni, chifukwa ndinaphunzira sekondale ndi ndalama za madzi opondedwa. Koma tinatenga chipangizo nkusiya chomwe chinachichititsa kuti chigwire ntchito kwawoko. Mphatso ikafika yaulere, wamalonda saona chifukwa chosungira masipeya ake, popeza palibe amene anagula kwa iye. Pampu ili ndi zinthu zomwe zimayenera kutha: marabala a m'masilinda awiri aja, mavavu, chingwe. Zikatha, chitsulo chonse chimasanduka chokhalira nkhuku pakhonde. Yendani m'midzi ya ku Ntcheu ndi Dedza, mudzaziona.

Tsopano kwabwera mapampu a sola ndi a petulo, ndipo anzanga omwe akuphunzira za ulimi amawakamba mosangalala. Sindikuwatsutsa, palibe amene amakonda kuponda pampu maola atatu. Koma funso lomwe ndimawafunsa ndi lomwe ndinazungulira nalo pa njinga tsiku lija: ikafa mu Seputembala, idzapita kwa yani? Pampu ya amayi ili ndi ubwino umodzi, woti munthu wa mpeni ndi nyundo akhoza kuimvetsa. Ya sola ikapsa m'kati, madala aja alibe chochita nayo. Anandiuza okha osachita manyazi.

Pali TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 kuti iyang'anire maphunziro a ntchito zamanja, ndipo makoleji a m'madera akuphunzitsa achinyamata kuwotcherera. Zimenezo nzabwino. Komabe mnyamata wopukusa gudumu uja sakuphunzira ku koleji iliyonse. Akuphunzira monga ankaphunzirira a kwa Chulu: kuyamba ndi mphepo, kenako kugwira mbaniro, patapita zaka nkupatsidwa nyundo. Sadzalandira pepala. Ife a ku yunivesite tidzalandira, ndipo ena a ife tidzalembedwa ntchito m'mabungwe ogawa zipangizo, nkumalemba malipoti a chiwerengero cha zomwe tagawa. Sindinaonepo lipoti lowerenga zomwe zikugwirabe ntchito patatha zaka khumi, kapena lotchula amene wazisunga zamoyo.

Ndisanamizire kuti zonse za pachipala nzokoma. Utsi wa makala umalowa m'chifuwa, maso a madalawo ndi ofiira, magalasi otetezera palibe. Makalawo akuchokera m'mapiri omwe akuyera chaka ndi chaka. Malipiro ake ndi okambirana, ndipo alimi ambiri amalipira akakolola, ena osalipira nkomwe. Ana awo enieni a madalawo anakana ntchitoyi, wina amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Sindingamudzudzule.

Nthawi yanga itakwana, anamasula pampu yonse nkuyala zidutswa pa thumba. Anatenga rabala lakuphwa lija, analiika pa chidutswa cha tayala lakale, anazunguliza ndi msomali nkuyamba kucheka ndi mpeni wosula okha, akunyowetsa m'madzi. Loyamba linakula, analisenga pa mwala. Lachiwiri linalowa bwino. Mavavu anadula ku chubu cha galimoto. Ndinawafunsa kuti anaphunzira kuti kukonza mapampu, iwo anaseka nati palibe anawaphunzitsa, yoyamba anaimasula kuti aone chomwe chili m'kati ndipo mwini wake anakwiya kwambiri. Nditawafunsa za agogo awo, anati ankasula makasu kumudzi, koma za kusungunula miyala anangomva nkhani, sanaonepo.

Magetsi anayaka cha m'ma 4 koloko. Ndinathamangira kwa wa bawo uja, anawotcherera chitsulo chong'ambika m'mphindi zosakwana khumi, ndinabwereranso kwa madala kuti amange. Zonse pamodzi zinandidyera ndalama yosafika mtengo wa ndowa imodzi ya tomato. Pondipatsa anati, "Ukawauze mayi ako asamaisiye padzuwa ikauma, rabala limaphwa. Izi zikufikitsani mvula. Ikadzayamba kupuma mphepo ubwere nayo, tayala likadalipo."

Tinaiyesa madzulo omwewo. Amayi anathira madzi m'masilinda, ine ndinakwera pa zopondera. Kwa kanthawi inangolira kuti fwe, fwe, amayi ali chete manja m'chiuno. Kenako paipi inagwedezeka, madzi amatope anatuluka, pambuyo pake oyera. Mabedi awiri a kumtunda anali atataya kale maluwa ambiri. Asanu ndi limodzi otsalawo tinawathirira mpaka mdima, ndipo m'mawa mwake miyendo yanga inakana kudzuka.